Odette ndi Singano ya Mayi Boyko

Tsiku limene Odette Ducharme anachotsedwa ntchito kubekale, chipale chofewa choyamba cha chaka chimenecho chinali chitangoyamba kugwa mumzinda wa Winnipeg. Anakhala pamalo odikirira basi, epuloni ili m'manja. Mabasi ankabwera n'kumapita, iye osakwera.

Mwini bekaleyo sanali munthu wankhanza. Anangomuuza kuti, "Odette, sabata iliyonse umajomba. Ukadzachira matenda akowo udzabwerenso."

Sanali matenda. Odette anabadwa ndi thupi lachimuna, koma kuyambira ali wamng'ono ankadziwa kuti iye ndi mkazi. Atakula analimba mtima n'kuyamba kukhala monga mmene ankadzidziwira. Kuchipatala cha boma anadikira pamzere kwa nthawi yaitali, kenako anayamba kumwa mankhwala a mahomoni. Kuonana ndi dokotala kunali kwaulere. Thupi linayamba kusintha, khungu linasalala. Koma ndevu sizinamve mankhwalawo.

"Za ndevu boma sililipira, achemwali," namwino anamuuza mwachifundo. "Amaziika m'gulu la zodzikongoletsa. Mupite kwa apulaiveti."

Masiku amenewo zinthu zinali choncho. M'zipatala zapulaiveti za pakati pa tauni, ola limodzi linkadya malipiro ake a masiku angapo, ndipo nkhope imodzi inkafuna maola ochuluka kwa zaka. Munthu yekhayo amene Odette akanakwanitsa kumulipira anali mayi Stefania Boyko, mayi wachikulire wamtundu wachiyukireniya amene anali ndi kachipinda pamwamba pa shopu yosokera nsapato kudera la North End.

Ntchito ya mayi Boyko inali yochotsa tsitsi ndi singano yamagetsi. Singano yopyapyala imalowa pamene pamera tsitsi, magetsi pang'ono amawotcha muzu, kenako tsitsilo amalizula. Limodzilimodzi. Koma kuti ligwirike liyenera kukhala litatalikako, choncho munthu asamete masiku awiri kapena atatu asanabwere.

Vuto la Odette linali pamenepo. Kuti ndevu zichoke, ankayenera kuyamba wazisunga. Ndipo masiku amene wazisunga sakanatha kuima pa kauntala, atavala diresi, n'kumagulitsa buledi kwa anthu oyang'anitsitsa. Ankadzitsekera m'nyumba. Kujomba kuja kunali kumeneku.

Tsopano ntchito inali itatha, ndevu zikadalipo.

Ali pamalo a basi paja, anayamba kuyang'ana anthu odutsa. Mphepo inali itayamba kuluma, ndipo aliyense anali atadzikulunga mpango mpaka m'maso. Mayi, bambo, wapolisi, wansembe, onse nkhope zobisika. Palibe ankadabwa mnzake.

Sabata yomweyo anakapempha ntchito yoyang'anira malo oimika magalimoto, panja, ntchito imene anthu ankaithawa nyengo yozizira ikafika. Amene anamulandira anali Rodel Manalang, bambo wa ana anayi wochokera ku Philippines, amene anali atagwira pamalopo zaka zambiri koma kuzizira sanakuzolowere.

"Asisi, mutu ukuyenda bwino? Anzanu akuthawa, inu mukubwera?"

"Ndimakonda mphepo," anatero Odette.

"Mphepo ya kuno sikonda munthu. Muiona."

Anaionadi. Zala zinkafa dzanzi, nsidze zinkauma ndi madzi oundana. Koma mpango unkafika m'maso, ndipo pansi pake ndevu zinkamera mwamtendere. Loweruka lililonse ankakwera masitepe a kwa mayi Boyko.

Amene analowapo m'kachipindako amakakumbukirabe. Munkamveka fungo la sipiriti losakanikirana ndi la kabichi wophika. Wailesi inkaimba nyimbo zakwawo kwa mayiwo chapansipansi. Panali kabedi kakang'ono, nyale yokhala ndi galasi lokulitsa, ndi zenera limene chisanu chinkalijambula maluwa.

"Gona apa. Usagwedezeke," ankatero mayi Boyko. "Kodi ndevu zimenezi unazitenga kwa ndani? Agogo ako anali chimbalangondo?"

"Mayi Boyko, zikupweteka."

"Ine ndinabereka ana atatu osalira. Iwe ukulirira katsitsi kamodzi?"

Singano ikafika pamlomo wam'mwamba, misozi inkangotuluka yokha. Mayiwo ankaipukuta ndi thonje, ndipo ola likatha ankamupatsa mbale ya mapirogi otentha, timikate takwawo tokhala ndi mbatatesi mkati. Nthawi zambiri ola la mayi Boyko linkatalika kuposa ola la pawotchi, koma onse awiri ankachita ngati sakuona.

Kuntchito Odette sankavula mpango ngakhale m'kanyumba kowothera moto. Khofi ankamwera pansi pa mpango, atatembenukira kukhoma.

"Mwezi watha sindinaione mphuno yanu, asisi," Rodel ankamuseka. "Ilipo koma?"

Tsiku lina kunazizira modetsa nkhawa. Mpweya wa m'kamwa unaumitsa mpango uja mpaka unakhala ngati thabwa, ndipo unayamba kumata pakhungu. Panalibe kuchitira mwina. Odette anauvula, n'kuima chilili, chibwano chili bii, akudikira mawu amene anali atawamva kambirimbiri m'misewu.

Rodel anamuyang'ana kamodzi, n'kupitiriza kuthira shuga.

"Azakhali anga kwathu ku Pampanga ali nazo zoposa pamenepa, ndipo anakwatiwa kawiri. Imwani khofi asanazizire."

Nkhaniyo sanaikambenso.

Kukayamba kutentha, anthu n'kuvula mipango, Odette ankaleka kupita kusingano. Ankameta tsiku lililonse mpaka khungu kutupa, n'kumasunga ndalama. Mumzinda wonse, mwina ndi iye yekha amene ankadandaula madzi oundana akayamba kusweka mumtsinje.

Nyengo zozizira zingapo zinadutsa motero. Masaya anayera, mlomo unayera. Chinatsala chibwano ndi khosi. Ndiye Loweruka lina singano inaphonya, n'kumuwotcha khungu. Inaphonyanso kachiwiri. Mayi Boyko anaika singano pansi n'kuyang'ana dzanja lawo. Linkanjenjemera.

"Basi, mwanawe. Ndikutseka. Sindingamawononge nkhope za anthu."

Odette anadzuka pabedi. Ndalama zonse zimene anasunga, kuzitengera kutauni zikanatha chibwano chisanafike ndi pakati pomwe.

"Ndiye ine nditani, mayi? Nditsale chonchi?"

"Nditafuna kukunamiza ndingathe? Singano ikalowa bwino umadziwa, ikaphonya umadziwa ndisananene. Wagona apa zaka zonsezi, ntchitoyi yakulowa pakhungu. Pita kusukulu ya ntchitoyi ukatenge pepala. Makinawa ndikusungira."

"Ine sukulu inandikanika kalekale."

"Ndiye ikakukanikenso kachiwiri, tione. Idya mapirogi."

Odette anasinkhasinkha sabata yonse. Ndalamazo zinali zokwanira chinthu chimodzi: maola ochepa kutauni, kapena fizi ya maphunzirowo. Akalephera mayeso, ndiye kuti wataya zonse ziwiri. Analipira fizi.

Tsiku loyamba anapita atameta bwinobwino, atapaka kunkhope ufa wodzikongoletsera wokhuthala, n'kukhala kumbuyo. Mphunzitsi anafotokoza kuti ophunzira aziyeserera singano pa anzawo, ndipo anadandaula kuti chaka chilichonse vuto limakhala lomwelo: atsikana amabwera ndi timaubweya tofewa ta pamkono, pamene munthu amaphunzira bwino pa tsitsi lolimba.

Odette anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, ine ndili nalo."

Lolemba lotsatira anabwera osameta. Mphunzitsi anamuunika ndi nyale, n'kuwomba m'manja.

"Taonani chuma ichi! Odette, lezala usaligwirenso, wamva?"

Atsikana aja anayamba kulimbirana chibwano chake. Wina ankamubweretsera madonati kuti akhale woyamba, wina ankati, "Khosi ndi langa, ndinalipempha dzulo!" Manja awo anali osazolowera ndipo ankapweteka kwambiri kuposa mayi Boyko. Koma mphunzitsi ankaima pomwepo, ndipo maola onsewo anali aulere.

Mayeso olemba analephera ulendo woyamba. Mayina a zigawo za khungu ankamusokoneza. Anabwerera kumagalimoto, buku lili m'thumba la jekete, Rodel n'kumamufunsa mafunso akutchula mawuwo mokhotakhota mpaka onse awiri kugwa ndi phwete. Ulendo wachiwiri anakhoza.

Kasitomala wake woyamba anali mayi Boyko eni ake. Anagona pakabedi kaja, n'kuloza timatsitsi toyera pachibwano pawo.

"Musagwedezeke, mayi," anatero Odette.

"Usandiphunzitse ntchito iwe. Aa! Pang'onopang'ono, ukufuna kundipha?"

Papita zaka zambiri tsopano. Mayi Boyko anatisiya, Rodel anapuma pantchito, ndipo pamene panali shopu ya nsapato pano amagulitsa mafoni. Koma kachipinda kam'mwamba kadakalipo, ndipo pachitseko pali dzina la Odette. Amene ali ndi ndalama amalipira mtengo wonse. Amene alibe amalipira zimene angathe. Pamalo odikirira sanaikepo galasi, ndipo wofuna kulowera kukhomo lakuseri amaloledwa osafunsidwa chifukwa.

Akamakamba za masiku amenewo, Odette satchula kawirikawiri satifiketi kapena makasitomala. Amatchula masana ena a mu Juni, chaka chimene anamaliza sukulu. Ankawoloka mlatho wa oyenda pansi kupita kudera la Saint Boniface, dzuwa likuwomba, nkhope ili pamtunda, yopanda ufa. Bambo wina wachikulire anamuimitsa.

"Pepani mayi, nthawi ili bwanji?"

Anamuuza. Bamboyo anathokoza n'kumapita, osacheuka. Odette anagwira chitsulo cha mlathowo, n'kuima pamenepo kanthawi ndithu.

Mwina inu amene mukuwerenga muli pamzere umene sukuyenda, kapena mwauzidwa mtengo umene simungaukwanitse. Sindikulonjezani kuti zitha mawa, chifukwa za Odette sizinathe mawa. Zinatha pang'onopang'ono, mopweteka, ndiponso mothandizidwa ndi anthu amene sankawayembekezera. Chitani kachigawo ka lero, ndipo wina akatambasula dzanja musalikane. Musataye mtima.