Sipeya wa Boti la Alendo

Pachilumbapo panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Kuyambira manijala wa hotela mpaka amayi ochapa nsalu, onse ankangoti Sipeya, ngati tayala lija limakhala kumbuyo kwa galimoto kudikira tsiku limene linzake lidzaphulike. Mwiniwakeyo anazolowera moti ukamutchula dzina limene anam'patsa makolo ake, ankayamba wacheuka kuti aone ngati ukuitana wina.

Dzinali linachokera ku ntchito yake. Alendo ankabwera pachilumbapo kudzagona pamchenga ndi kudzaona nsomba. M'mawa uliwonse boti la hotela linkawatenga kupita nawo kuseri kwa chilumba, kumene madzi amchere aja amaonekera mpaka pansi. Aliyense ankapatsidwa galasi lovala kumaso, kapaipi kopumira, ndi zovala kumapazi zarabala zimene anthu a m'botimo ankazitchula kuti mapazi a bakha. Akafika, kaputeni ankazimitsa injini n'kulengeza lamulo limodzi lokha: m'madzi mulowa awiriawiri, palibe wosambira yekha. Apo amuna ankagwira mikono ya akazi awo, abwenzi n'kukodolana. Anthu akapanda kukwanirana, pankatsala mmodzi, mapazi a bakha ali m'manja, akumwetulira mwamanyazi. Ameneyo ndiye ankasambira ndi Sipeya. Akakwanirana, Sipeya ankakhala m'boti n'kumawerenga timapaipi tikuyendayenda pamwamba pa madzi, kuti pasasowe ndi kamodzi komwe.

Musaione yophweka ntchito imeneyi. Inali ndi kachitidwe kake, ndipo Sipeya ankanyadira kuti anakatulukira yekha. Sankafulumira. Ankati ukathamangira munthu usanatsimikize kuti watsaladi, uli ngati ukumuuza kuti kusowa mnzake kwalembedwa pamphumi pake. Ndiye ankakhala kumbuyo kwa boti, nkhope pansi, n'kumakonza chingwe chosafunika kukonza, mpaka onse atapezana. Kenako ankadzuka mwakachetechete, kukaima pambali pa wotsalayo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ine ndilibe mnzanga, mungandithandize?" Munthu uja nkhope inkamasuka, poganiza kuti ndiye akuchita chifundo.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri anachita zimenezi. Anasambira ndi amayi amasiye, aphunzitsi opuma ntchito, ndi bambo wina wonenepa amene mkazi wake anam'thawa atatsala pang'ono kukwera ndege. Ambiri ankachita mantha, ndiye ankam'gwira dzanja ora lathunthu osalisiya. Ena ankalira m'galasi momwemo, ndipo Sipeya ankatha kusiyanitsa nthunzi ya mpweya ndi nthunzi ya misozi. Potuluka ankamukumbatira, kumujambula, n'kulonjeza kuti chithunzicho adzam'tumizira. Sichinabwere ndi chimodzi chomwe. Anthu a patchuthi ndi abodza, ngakhale kuti sanama mwadala. Amakukonda ndi mtima wonse Lachitatu, pofika Loweruka ali kwawo, iwe watsala ndi mchenga wawo m'boti.

Masana Sipeya ankakhala m'kanyumba kosungiramo zipangizo. Ankatsuka magalasi m'beseni la madzi abwino, lililonse palokha, n'kumasula lamba wake mpaka kumapeto kuti mutu wa mawa ulipeze lili lotseguka. Akatero ankalipachika pamsomali. Misomaliyo inalipo makumi anayi. Kuseri kwa khoma lomwelo kunali chipinda chake: bedi, mpando umodzi, kawailesi kosowa mlongoti, mbale imodzi ndi kapu imodzi. Anzake ankam'seka kuti ngakhale wakuba atalowa angatuluke atamusiyirako kenakake.

Komatu munthuyu anali ndi mwana wamkazi kumtunda. Pachilumbapo anabwera kuti agwire ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha, mwanayo ali ndi zaka zisanu. Miyeziyo inabala ina. Poyamba ankapita kwawo chaka ndi chaka, kenako ankadumphitsa. Mkazi wake atamwalira anapita kukaika maliro, n'kusiya mwana m'manja mwa mlongo wake, akuti akubwera posachedwa. Mwanayo anakula kwa azakhali akewo, anaphunzira, anakhala namwino. Ankaimbirana foni ndithu, koma zokamba zake zinali za mvula ndi chimfine, ndipo pasanathe mphindi zitatu onse ankasowa chonena, wina n'kunamizira netiweki. Sipeya zinkamupweteka. Ankamukonda mwana wakeyo koopsa, koma pamtunda anali munthu wouma pakamwa.

Tsiku lina mwanayo anaimba n'kunena kuti wapeza tchuthi cha masiku atatu ndipo akubwera yekha.

Sipeya sabata imeneyo sanakhazikike. Anabwereka kapu yachiwiri kukhitchini ya hotela. Anasesa chipinda mpaka pansi pa bedi. Anasankha galasi labwino kuposa onse, lopanda kokalika, n'kukulunga tepi yofiira kunsonga ya kapaipi kake kuti kasasokonezeke ndi tinzake. Maganizo ake anali amodzi. Ankadziwa kuti akakhala pampando kuyang'anizana ndi mwanayo, mawu adzam'thawa monga mwa nthawi zonse. Koma m'madzi iye anali wolongolola. Chala chake chinkayankhula: taona apo, dikira, usaope, bwera kuno. Ndipo pansi pa thanthwe lina lopindika pankagona kamba wamkulu wa m'nyanja, wachigoba chobenthuka mbali imodzi, amene Sipeya sankaonetsa aliyense. Ankati akadzangogwira dzanja la mwana wake n'kumufikitsa pamenepo, zonse zimene zinam'kanika kunena zaka zonsezi zidzamveka zokha.

Mwanayo anafika Lachisanu pa sitima ya masana, mayi wamkulu ndithu, wamtali ngati malemu amayi ake, kachikwama kamodzi paphewa. Anapatsana moni wa m'manja ngati anthu okumana ku ofesi.

"Mwayenda bwanji?" anatero Sipeya, n'kudzidabwa yekha kuti akuti "mwa" kwa mwana amene ankamubereka kumsana.

"Ndayenda bwino, bambo. Mwaondatu."

"Ndi mchere umenewu. Umadya munthu."

Zinathera pomwepo. M'chipinda muja mwanayo anakhala pampando, bambo ake pabedi, aliyense ndi kapu yake, akumvetsera mafunde ngati pali chimene mafundewo akufotokoza. Pofuna kuthawa bata limenelo, Sipeya anamutengera m'kanyumba ka zipangizo kuti akamuyese galasi. Apo manja ake anadziwa chochita. Anam'kankhira tsitsi kumbuyo, kuika galasi pankhope, n'kukoka lamba pang'onopang'ono, mano atatu a lambayo mbali iyi, atatu mbali inayo.

"Likukufinya?"

"Ayi, lakhala bwino." Mwanayo anaseka, mawu akutuluka a m'mphuno chifukwa cha galasilo. "Mukukumbuka mmene ndinkaopera madzi kumaso? Pondisambitsa munkanditseka m'maso ndi chikhatho."

"Unkakuwa ngati akukupha. Anansi ankabwera kudzafunsa."

Anaseka onse awiri, ndipo Sipeya mtima unakhala pansi. Anaona kuti zitheka.

Loweruka kunadzuka chimphepo, kaputeni n'kukana kutulutsa boti. Anatha tsikulo akuyenda m'mbali mwa nyanja, akulozerana zinthu zosafunika kulozerana. Kunatsala Lamulungu lokha, poti Lolemba m'mawa mwanayo ankabwerera ku ntchito.

Lamulungu kunacha bwino, nyanja ili phee. M'boti munakwera alendo asanu ndi awiri: mabanja atatu ndi mayi wina wachikulire wa chipewa chachikulu amene anabwera yekha. Wachisanu ndi chitatu anali mwana wa Sipeya, atakhala kutsogolo, galasi lake lili pamwendo. Atafika kuseri kwa chilumba kaputeni anazimitsa injini n'kunena mawu ake a masiku onse aja, kuti awiriawiri.

Ndipo Sipeya anachita zimene anachita m'mawa uliwonse kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anakhala kumbuyo kwa boti, nkhope pansi, n'kutola chingwe.

Sikuti anaiwala ayi. Ankamuona mwana wake ndi ngodya ya diso, atatembenuka, akumuyang'ana. Mtima unkamuuza kuti dzuka, munthu iwe, dzuka. Koma thupi linali ndi ndondomeko yake: onse apezane kaye, kenako upite kwa wotsala. Mumtima ankati kamphindi kamodzi kokha, mabanjawa amalize kugwirana, ndipita. Anali asanayambe wadzukapo woyamba n'kusankha munthu pamaso pa anthu, ndipo miyendo yake sinkadziwa kuti zimenezi zimayambira pati.

Mayi wa chipewa uja anayang'ana uku ndi uku, n'kuona mtsikana atakhala yekha. Anasendera pafupi.

"Mwanangu, nawenso uli wekha? Bwanji tikhale tonse? Ine ndimaopa."

Mwanayo anayang'ananso kumbuyo kwa boti. Anaona bambo ake atawerama, akumasula mfundo n'kuimanganso. Anadikira ndithu, nthawi yokwanira kuti munthu atchule dzina la mwana wake. Kenako anavala galasi.

"Chabwino, mayi. Tiyeni."

Chubwi, chubwi, awiriawiri mpaka onse anatha. Sanatsale munthu. Sipeya anaimirira chingwe chili m'manja, ndipo poti anthu anakwanirana, ntchito yake inali yowerenga. Anawerenga. Timapaipi tisanu ndi titatu, kamodzi kofiira kunsonga. Anakatsatira ndi maso kakuyenda pang'onopang'ono pambali pa ka mayi uja, kakuima, kakupitanso. Anakaona kakulunjika ku thanthwe lopindika lija, kakudutsa pamwamba pake penipeni osaima, n'kupitirira.

Kaputeni, amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, anamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Akulu, mwatani kodi? Si mwana wanu uyo? Mukanalowa atatu, ine ndikanawerenga ndekha. Lowanitu tsopano."

"Apezana kale," anatero Sipeya. "Ndikawasokoneza."

"Inu ndiye ayi," anatero kaputeni, n'kumusiya.

Ora litakwana anakwera onse, akudontha, akusimba za nsomba zachikasu ndi zamizeremizere. Mayi wa chipewa anam'kumbatira mwana uja, akumuyamikira kuti sanam'siye dzanja ngakhale pang'ono. Mwanayo anavula galasi n'kulipereka kwa bambo ake monga ankachitira alendo ena onse. Anati nsomba zinali zokongola, ndipo tsiku lonselo sanaitchulenso nkhaniyo.

Anaitchula Lolemba padoko, sitima italiza kale hutala yoyamba.

"Dzulo ndinakuyang'anani, bambo."

"Ndinaona."

"Munaona? Nanga bwanji?"

Sipeya anafunafuna yankho labwino, koma linalipo loona lokhalo.

"Ndimadikira kuti onse apezane kaye. Ndi mmene ndimachitira."

"Mumachitira alendo." Mwanayo sanakweze mawu. "Ine ndayenda ulendo wonsewu ndekha dala, kuti pasakhale wina woti mundisiyire. Sindinabwerere nsomba. Munkangofunika kunditchula basi."

"Panali kamba amene ndimafuna ndikuonetse," anatero Sipeya, n'kumva yekha kuchepa kwa mawuwo. "Sindionetsa aliyense."

Mwanayo anamuyang'ana. Mkwiyo unali utachoka m'maso mwake, munatsala chisoni, ndipo kwa Sipeya chisonicho chinali chowawa kuposa mkwiyo.

"Mukanandionetsa," anatero.

Anakumbatira bambo akewo mwachangu, n'kuwauza kuti azidya, asamangomwa tiyi. Za tchuthi china anati sakudziwa kuti adzachipeza liti, kuchipatala anthu ndi ochepa. Anakwera. Sipeya anaima padoko mpaka sitimayo inasanduka kadontho, kenako anabwerera, poti boti la alendo linkanyamuka posachedwa. Tsiku limenelo alendo anali asanu ndi anayi, ndipo bambo wina wadazi anam'gwira dzanja ora lathunthu.

Masana analowa m'kanyumba ka zipangizo. Magalasi a Lamulungu anali akadali m'beseni, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Anawatsuka limodzilimodzi, kumasula malamba mpaka kumapeto, kupachika. Lomaliza linali lija la kapaipi kofiira. Chala chake chinafika pa lamba mwachizolowezi, n'kuima. Mano atatu mbali iyi, atatu mbali inayo. Umenewo unali mutu wa mwana wake, kukula kwake kwenikweni, ndipo pachilumba chonsecho panalibenso china chake. Analitsuka mosamala osakhudza lambayo, n'kulipachika pamsomali wakumapeto, pafupi ndi khomo la chipinda chake. Kapu ija anakabweza kukhitchini.

Patapita sabata ziwiri kunabwera gulu lalikulu, anthu makumi anayi, magalasi n'kupereweramo limodzi. Mlendo wina wamkazi anatambasula dzanja kuti atenge la pamsomali wakumapeto. Sipeya, amene sanayambe wam'letsapo mlendo kanthu, anadzuka msangamsanga n'kuima pakati pa mayiyo ndi khomalo.

"Pepani mayi, tengani langali," anatero, akuvula lake m'khosi. "Ilo lili ndi mwini wake."