Kapulana Yofiira Itasamuka M'chithunzi

Mpaka lero fungo la utoto likandifika m'mphuno, ndimaona aDomingo atakhala pakhonde pawo, ndudu ya chingambwe ili kukhutu, nthenga ya nkhuku ili m'manja, atawerama pa kachithunzi ngati munthu wozula minga kuphazi. Anali oyandikana nafe ku Nsadzo. Pochoka ku Halale anabwera ndi makina ojambulira, timabotolo ta utoto, ndi pakamwa pozuna. Ine ndinali kamtsikana, koma maso ndinali nawo kale.

Inali nthawi ya nkhondo yothamangitsa Apwitikizi. Amayi anga aang'ono, aEsinati, anali atawapezera mwamuna, mnyamata wokulira ku Katete, ku Zambia. Awiriwo anali asanaonanepo. Njira ya kumalire, ya ku Cassacatiza, inali asilikali okhaokha, ndiye ankhoswe a mnyamatayo anapempha chithunzi kuti aone mkazi ndi abale ake. Agogo anabweza mawu: "Wovala kapulana yofiira ndiye wanuyo." Kwathu chitenje timati kapulana.

Kujambulira panja kunali kosatheka. Masiku amenewo mukangounjikana pabwalo, asilikali ankati mukupangana zophikira ankhondo a kutchire. Choncho tinapanikizana m'nyumba ya agogo, yopanda zenera, denga lake lili bii ndi mwaye, utsi ukutigwetsa misozi, nkhuku yofungatira ikung'ung'udza kuseri kwa mtsuko. ADomingo anasuzumira m'makina awo n'kupukusa mutu.

"Pali mpata apa. Luwiza, mwana wanga, takhala pafupi ndi Esinati. Chithunzi chimadana ndi mpata."

Luwiza, mwana wawo wamkazi, yemwe anali atangobwera kudzaonerera, analowa ndi kansalu kake kosuluka n'kukhala.

Filimu inapita ku Tete kukatsukidwa. Chimene chinabwerako chinali mdima wokhala ndi mano. Atsibweni anali mano okhaokha. Agogo anali chitsa. Ine anandizindikira ndi makutu.

"Nanga kufiira kuli kuti?" anafunsa agogo, akuchitembenuza.

"ANaphiri, musavutike mtima. Makina amangogwira mthunzi. Kuwala ndi mtundu timaika ndife."

Anayamba ntchito. Ankapala nkhope ndi lumo pang'onopang'ono kuti mdima uchoke, akauzira, kenako n'kuviika nthenga m'kabotolo. Aliyense woyandikira ankamuthamangitsa, amvekere mpweya wa munthu umaononga utoto. Atsibweni anawapatsa jekete lobiriwira lomwe sanavalepo chibadwire, ndipo atsibweniwo sanadandaule ayi. Atamaliza anabwera nacho, atachigwira m'mwamba. Wa njinga wopita ku Katete kudzera njira za m'tchire anali ataima kale panjira.

"Osakhudza, sichinaume!"

Pakati pa chithunzi panali mtsikana wowala ngati mwezi, kapulana ili psu. Agogo, amene maso awo anali atayamba kale kuchita nkhungu, anaomba m'manja.

"Esinati wanga! Taonani mwana!"

"Agogo," ndinatero ine, "amayi aang'ono anakhala pafupi ndi inu. Uyu ali uko."

"Iwe, chete! Zithunzi wazidziwira kuti?"

Chithunzi chinapita.

Mvula itatha, mnyamata uja anatulukira pamodzi ndi ankhoswe ake, mapazi atatupa, chithunzi chili m'thumba la malaya, m'mbali mwake mutaperepeseka chifukwa chochiyang'anitsa. AEsinati anabwera ndi madzi, atavala kapulana yomwe ija, n'kugwada. Mnyamatayo analandira, anathokoza bwinobwino, koma maso ake anali kwa aDomingo, kumene Luwiza ankasinja.

"Uyo ndiye," anatero. "Mpata wa m'manowo ndauloweza dzinja lonse."

Agogo analanda chithunzicho n'kuchiika pamphuno. "Nanga uyu ali pambali pangayu?"

Mnyamatayo anayang'ana kanthawi. "Pepani amayi, ine ndimayesa mtsuko."

Anakaitanidwa aDomingo. Anabwera osafulumira, akuyatsa ndudu yawo.

"ADomingo, kapulana ya mwana wanga yasamuka bwanji?"

"ANaphiri, munali mdima m'nyumba muja. Ine ndimangotsatira pomwe kuwala kwagwera."

"Kuwala kunadumpha eni nyumba n'kukagwera mwana wanu?"

"Kuwala sikufunsa mfunda wa munthu."

Ankhoswe anakambirana mpaka dzuwa linapendeka, koma mnyamatayo sanasunthe. Iye anayendera nkhope yomwe anaiona. Analowa ukamwini kwa aDomingo, mpanda umodzi ndi ife, ndipo m'mawa uliwonse ankatipatsa moni mwaulemu wonse. AEsinati sanamuyankhe ndi kamodzi komwe. Kapulana ija anaisandutsa nkhata yosenzera nkhuni. Anadzakwatiwa pambuyo pake, nkhondo itatha, ndi munthu amene anamulamula kuti abwere masana, awaone panja, padzuwa.

Lero ndine agogo. Adzukulu anga amajambula m'tchalitchi ndi telefoni, zikada amaseweretsa chala, nkhope n'kuyera. Amati ndine wovuta chifukwa ndimawaima kumsana.

"Agogo, tikungowalitsa!"

"Eya, walitsani. Koma muyambire mbali ino, ndikuona."

Ndipo ndisanakhale pa benchi, ndimawerenga kaye anthu. Mwana wa oyandikana nawo akati abwere adzatseke mpata, ndimaikapo mtsuko.