Dzina Lomwe Linakana Kusamuka

Amuna anga, a Elson Ngozo, amalemba pakompyuta ndi zala ziwiri zokha ngati nkhuku yotola chimanga, koma musakawauze kuti ndanena ndine. Ndi mlembi wa mpingo wathu kuno ku Mlangeni, ntchito imene anaisenza mwana wathu Tisunge ali kumsana, ndipo mpaka lero sanaitule. M'mawa amakhala kudimba la mbatatesi, tsiku la msika ali pa Lizulu kulimbana ndi ogula a ku Lilongwe, koma masana mukawafuna pitani kukachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Mukawapeza atayang'anizana ndi kompyuta imene amaifunditsa chitenje changa, chomwe anachita kundibera.

Kompyuta yathu yoyamba anatisiyira alendo kalekale. Bambo a Tisunge anakoperamo mayina onse a m'mabuku a mpingo, amoyo ndi akufa omwe. Pulogalamu yake inali yofatsa, chilichonse ulembe inkangolandira. Pa danga lofunsa kumene munthu ali, iwo ankalemba monga timayankhulira: "ali kuchitengwa ku Kandeu", "miyendo ikuvuta, timakamuona kunyumba", "ali ku Joni".

Chaka chatha akulikulu la mpingo anatumiza kompyuta ina ya pulogalamu yatsopano, ati mipingo yonse izilemba mofanana. A Cedric, amene anaibweretsa, anawaonetsa bambowa kutulutsa mayina mu yakale ija, kuwaika pakachipangizo kosamutsira kotchedwa fulashi, kenako kuilozera yatsopanoyo kuti danga la dzina lipite apa, la mudzi apa, la ubatizo apo. Atamwa thobwa ananyamuka.

Mayina ambiri anasamuka bwinobwino. Koma ena anakanidwa, anangofiira pagalasi. Pulogalamu yatsopanoyi ndi yamwano, sifuna nkhani. Imati munthu alipo, kapena anasamukira ku mpingo wina, kapena anamwalira, basi. Ukati anasamuka, ikufunsa mpingo umene unamulandira. Ukati anamwalira, ikufuna tsiku. Nanga matchona athu, amuna amene anapita kumigodi ndi kumafamu a ku Joni osabwereranso, tiwaike pati?

"Ingolembani kuti alipo, ndani akaone?" ndinatero ine, poti ndimakonda zachidule.

"Munthu sindinamuonepo pa Mgonero, ndilembe kuti alipo?" anandiyankha, akundiyang'ana ngati ndawatuma kukaba nkhuku.

Choncho anatenga njinga n'kuyamba kuyendera mabanja. Kwina anauzidwa kuti uthenga wa maliro unafika kale, kungoti sunafike kutchalitchi. Kwina adzukulu anaimba foni ku Joni n'kupeza kuti agogo awo ali moyo, amapemphera ku mpingo wakuti. Mayina ofiira aja anka nachepa, mpaka linatsala limodzi: Yoramu Ngozo, bambo awo owabereka.

A Yoramu anachoka a Elson akukwawa. Zaka zoyamba kunkabwera bulangeti, kenako wailesi, kenako zii. Apongozi anga, aNanzunga, sanakwatiwenso. Anakana amuna onse amene anabwera kudzafunsira, analera mwana wawo ndi khasu, ndipo nkhani iliyonse yaikulu pakhomo ankaiyamba ndi mawu akuti "abambo ako akabwera". Ngakhale tsiku limene ine ndinalowa m'banjamo anandiuza kuti apongozi anga aamuna akadzandiona adzakondwa. Tonse tinazolowera kungovomera, poti tinkawamvera chisoni.

Sabata zinapita dzinalo lili pomwepo. Kompyuta yakale inayamba kuzima yokha pakati pa ntchito. A Cedric anaimba foni n'kunena kuti dzina lopanda yankho silingalowe, lidzangotsala m'makina akalewo. Amuna anga anasiya nthabwala. Kudimba ankangoima ndi khasu m'manja, ndipo ine mtima unkandiwawa kuwaona chotero.

"Kawafunseni amayi," ndinawauza.

"Funso limenelo ndikaliyambe bwanji kwa mayi anga?"

"Tiyeni, ndikakuyambirani ine. Pakamwa panga mumapadandaula tsiku lililonse, lero pagwire ntchito."

Tinawapeza pakhonde akusola nyemba. Bambo a Tisunge anakhala pansi chapatali n'kuyamba kufotokoza za madanga ndi fulashi, kuzungulirazungulira mpaka ine ndinalowererapo. Ndinawauza mwachindunji kuti mayina a mpingo akusamukira m'makina atsopano, koma la apongozi anga aamuna likukanika chifukwa makinawo akufuna kudziwa ngati munthuyo alipo kapena anamwalira.

ANanzunga anadzutsa mutu n'kuyang'ana mwana wawo.

"Mukapanda kuyankha, dzinalo lipita kuti?" anafunsa.

"Litsala m'makina akale, amayi," anatero a Elson. "Ndipo aja akufa."

"Ndiye kuti anzake onse alowe, iwo atsale panja? Akhale tchona kawiri?" Anapukusa mutu. "Ayi. Munthu uja anabatizidwira pano. Ukwati wathu anadalitsira pano."

Anaika lichero pambali, napukuta manja pachitenje.

"Lemba kuti anamwalira, mwana wanga. Ine ndinadziwa kalekale. A Yoramu sakanatha kukhala ndi moyo osafunsa za iwe. Koma ndikanauza ndani? Nonse munkandiopa, palibe anabwera kudzandifunsa. Ndiye mkazi angayambe yekha kulira maliro amene sanalengezedwe?"

Amuna anga anaweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo akulira, ndipo ndinasowa poyang'ana.

"Amake Tisunge," anandiitana apongozi, "tengani lezala ndi madzi. Dzina lisalembedwe ine ndisanamete. Kwathu kuno maliro sitimaliza ndi tsitsi kumutu."

Anavula duku. Ndinawameta pakhonde pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, tsitsi loyera likugwera pamiyendo pawo. Iwo ankandilimbitsa mtima kuti ndisaope, mutu wawo ndi wolimba. Nditamaliza, mwana wawo anasendera pafupi, nagwada, ndipo ndinawameta nawonso.

Atadzuka kuti azipita kutchalitchi, a Elson anaima pamasitepe, chipewa chili m'manja.

"Amayi, makina aja akufunanso tsiku limene anamwalira."

"Lemba lero," anatero aNanzunga.

M'mawa mwake amayi a mumpingo anabwera ndi nkhuni ndi ufa, nayala mphasa m'nyumba. Apongozi anga anakhala pakati pawo n'kulira amuna awo mokweza, kuwatchula dzina, ndipo palibe amene anawatontholetsa.