Telala Amene Anaimitsa Thirakitala Pamtsetse

Inu amene mwakhala pansi, dzanja lili patsaya, tamverani kuno. Ine ndayenda. Pasipoti yanga inadzaza zidindo mpaka anandipatsa ina, ndipo malole amene ali payadi panga palibe ndi imodzi yomwe imene munthu anandisiyira. Ndalowa m'magalaja owala moti pansi pake mutha kudziyang'anirapo nkhope. Koma mmisiri amene ndimamuvulira chipewa amagwirira ntchito pakhonde la nyumba.

Anali telala, mayi wa ana atatu. Mwamuna wake atamwalira anamusiyira thirakitala yakalekale yotuta njerwa, imene inkadyetsa banja lonse. Kuyendetsa ankadziwa, malemu anamuphunzitsa. Vuto linali mabuleki. Ukaponda, chitsulo chinkalira pachitsulo chinzake, thirakitala n'kumangopita.

Mlamu wake, mkulu wa malemu, sanachedwe kufika.

"Alamu, ichi ndi chiphakasa. Loweruka kukubwera ogula zitsulo, adzachiduledule."

"Mukadula chimenechi, ana a mng'ono wanu adya chiyani?"

"Adya masiketi mumasokawo. Mukufuna chikapululuze anthu pamsewu?"

Anakangana mpaka anamvana chimodzi. Loweruka, thirakitala ikaima pamtsetse wochokera kuuvuni wowotchera njerwa, ngolo itadzaza njerwa, ikhala. Ikapanda kuima, ipita.

Mayi uja anagulula mawilo n'kutulutsa mashuzi, zitsulo zokhota zija zimene zimakanikiza mkati mwa dilamu, chitsulo chozungulira limodzi ndi wilo, kuti wilo liime. Laining'i, chikhakha cholimba chimene chimakhomedwa pamwamba pake, inali itatheratu. Anazungulira masitolo onse. Kulikonse yankho linali limodzi: mashuzi a mtundu umenewu anasiya kalekale kupanga. Anangogula laining'i yoyezera pamita ndi mariveti, timisomali tamkuwa toikhomera, n'kubwerera kunyumba.

Anakankhira makina osokera pambali. Mariveti akale anawadula ndi tchizulo, dzimbiri n'kulipala mpaka chitsulo chinayera. Kuyeza ndi kudula sikunamuvute, si telala nanga? Koma pokhoma anachita mmene ankachitira ndi nsalu: anagwiritsa kumapeto kuno, n'kugwiritsa kumapeto uko, pakati n'kumalizira.

Lachitatu anakayesa, ngolo ilibe kanthu. Ataponda, kumanzere kunamveka kuti thyo! Thirakitala inakhotera kumanja n'kukagwera m'ngalande. Anthu a pamsewu anafa nacho chiseko.

"Atelala, bwererani kusingano! Buleki si zipi!"

Thirakitala anaikokera kunyumba. Mayi uja anakhala pakhonde, chidutswa cha laining'i chili m'manja, misozi ili mbwembwembwe. Pamenepo panatulukira mkulu wina wa nyumba yoyandikana, makaniko wopuma ntchito, amene manja ake ankanjenjemera moti sakanathanso kugwira hamala. Anatenga shuzi imene sinathyoke n'kuigogoda ndi sipanala. Kumapeto inalira ngati mwala. Pakati inalira ngati chitini chopanda kanthu.

"Mwana wanga, kukhoma munayambira pati?"

"Kumapeto, bambo. Nsalu timayamba kuigwiritsa m'mbali."

"Nsalu ikafutukuka mumaisita. Iyi muisita ndi chiyani? Mwatsekera mpata pakati. Yambirani pakati, muzipita kunja, uku imodzi, uku imodzi. Mpata wonse uzithawira kumapeto."

Laining'i inali itatha, ndipo masiku anatsala awiri. Lachinayi m'mawa ndinangoona telala uja, zala atamangamanga nsanza, waima pageti langa, akupempha zidutswa za laining'i ya malole. Ine ndikathandiza sindithandiza pang'ono, afunseni amene amandidziwa.

"Mayi, musavutike. Ndikupatsani amakaniko anga awiri, pofika masana zikhala zitatheka."

"Zikomo, bwana. Koma ikadzathanso chaka chamawa ndidzaimanso pageti lanu? Ingondipatsani zidutswazo."

Ndakambirana ndi anthu amataye m'maofesi a nsanjika, ndipo nthawi zambiri womaliza kulankhula ndimakhala ine. Tsiku limenelo ndinangomupatsa zidutswazo.

Laining'i ya lole ndi yochindikala kwambiri. Anaipala ndi tupa tsiku lonse, nsalu yonyowa ili kumphuno chifukwa fumbi lake ndi loipa. Anaipanira pashuzi, n'kuboola. Bowo lililonse analikuza pamwamba kuti mutu wa riveti umire mkati, usadzakande dilamu. Kenako anakhoma kuyambira pakati, uku imodzi, uku imodzi, mkulu uja atakhala pampando akumvetsera kulira kwa hamala.

Chotsala chinali kudziwa ngati laining'i ikugwira dilamu ponseponse. Apa telala anabweza moto. Anatenga choko chake cholembera nsalu, n'kupaka mkati mwa dilamu, n'kulowetsa shuzi ndi kupukusa. Pamene choko chadetsa, ndiye kuti patukuka. Anapala pamenepo, n'kupakanso, n'kupukusanso. Anabwereza Lachisanu lonse mpaka choko chinagwira kuyambira nsonga ino kukafika nsonga iyo.

Loweruka ndinasiya ntchito zanga n'kupita kukaonerera. Ogula zitsulo anali atafika kale ndi lole yawo yotsokomola, ataiimika ndi mwala kuwilo. Mlamu uja anaimika njinga yake yatsopano pakati pa msewu, kumunsi kwa mtsetse.

"Malire ndi amenewa, alamu! Mukaigunda, thirakitala yapita, njinganso mundigulira."

"Ngati mukuikonda, alamu, khalanipo."

Anthu anaseka, koma bamboyo sanakhalepo.

Thirakitala inayamba kutsika, njerwa zili tho m'ngolo, zikukankha kumbuyo. Liwiro linkakula. Amayi ena anagwira kumutu. Telala anakhazikika pampando, maso ali panjinga. Kenako anaponda.

Sipanamveke kulira kwa chitsulo. Matayala anakhukhuluza miyala, fumbi linati kobo, thirakitala n'kuima mowongoka ngati yamangidwa chingwe. Pakati pa iyo ndi njinga panatsala mpata woti munthu kudutsa chammbali.

Mlamu anakankha njinga yake n'kuichotsa pamsewu. Mkulu wa ogula zitsulo anazungulira thirakitala kawiri, n'kuvula kapu.

"Mayi, ife tabwerera chabe. Koma lole yathuyi mukuiona mmene tayiimikira. Simungatikhomereko?"

Ameneyo ndiye anali kasitomala woyamba. Lero pakhomo pake pamaima mathirakitala a m'mafamu akutali, eni ake atanyamula mashuzi amene masitolo anawakana. Ana atatu aja ali pasukulu. Thirakitala ija ikututabe njerwa.

Tsono inu amene mwagwera m'ngalande sabata ino, anthu akukusekani, mverani ine amene ndaona dziko. Kugwa koyamba sikukuuzani kuti ntchitoyo si yanu, kukungokuonetsani pamene munayambira molakwika. Pukutani misozi, funsani wodziwa, gululani zimene munakhoma, muyambirenso. Mtima wokhawo musautaye ayi. Dzukani, hamala ikukudikirani.