Ndodo ya Atate pa Msewu wa Cairo

Fungo la phula lotentha ndi dzuwa limandibwezera ku Lusaka. Ndikalimva masana pamsewu wa ku Mfuwe ndimaima, ndipo adzukulu amati agogo atopa. Sinditopa ine. Ndimakhala ndikukumbuka chilimwe chimene ndinatsogolera atate anga ku likulu la dziko, ndili mnyamata wosadziwa nsapato.

Kwathu ndi ku Malama. Atate anali mlimi wa mapira ndiponso mlonda wa minda wodziwika. Njovu ankazimva zisanatuluke m'mitengo ya tsanya, ndipo m'thumba mwawo simunkasowa kansalu ka phulusa koyesera mphepo. Kenaka ng'ala inaphimba maso awo onse awiri. Munthu amene ankawerenga mapazi a nyama panthaka youma anayamba kupapasa khomo la nyumba yake. Ine ndinaleka sukulu kuti ndiziwagwirira ndodo. Amayi sanabise mawu. Anati maso a atate akapanda kuchira, buku ndiliiwale, nsanja ya kumunda ikhala yanga.

Namwino wa pamishoni anatiuza kuti ku Lusaka kuli madokotala ochotsa ng'ala. Atate anagulitsa mbuzi. Tinanyamuka mitengo itayoyola masamba, mtsinje wa Luangwa utatsala mchenga ndi madziwe a mvuu. Tinakwera mapiri pa lole mpaka ku Chipata, kenaka basi yafumbi imene inatigwedeza mpaka mafupa kuwawa. Panjira atate anandipatsa lamulo. "Yotamu, iwe ndiwe maso anga. Uzinena chomwe ukuona. Usawonjezere."

Tinafikira kwa malume, a Sakala, mlongo wa amayi, amene ankaphika m'nyumba ya bwana wina. Ankakhala ku Kabwata. Ndinauza atate kuti nyumba zake n'zozungulira, zofolera udzu ngati zathu, koma zoima pamizere ngati asilikali. Iwo anati ndayamba kale kunama. Anakhulupirira atagwira udzuwo ndi dzanja lawo. Madzi ankatuluka pampopi, opanda ng'ona. M'mawa kunkawomba mphepo yozizira imene ife a m'chigwa sitinkaidziwa, chifukwa mzindawo unakhala pamtunda. Pampopipo amayi ankakangana m'Chibemba, Chitonga ndi Chilozi, koma akafuna kumvana onse ankagwera m'Chinyanja. Malume anati dzina la mzinda wonsewo linachokera kwa mwini kamudzi kakang'ono amene anakhalapo kale. Atate anaseka. Anati ndiye kuti mfumu yathu Malama nayenso asataye mtima.

Tsiku lokaonana ndi dokotala, malume sanaloledwe kuchoka kuntchito. Anatiperekeza mpaka m'tauni, nkutiloza tsidya lina la msewu wa Cairo kumene kunkaima basi ya kuchipatala. Anatichenjeza kuti odwala maso atsopano amalembedwa m'mawa womwewo basi. Tikachedwa tidzadikira nthawi yaitali, ndipo mvula ikagwa njira ya kuchigwa imatsekeka.

Msewu umenewo ndinali ndisanaonepo mnzake. Malume anati azungu anautcha dzinalo polota msewu wokafika ku Igupto. Unali wotambalala ngati mtsinje, wokhala ndi mitengo pakati, ndipo maluwa ofiirira anali atagwa pansi ngati wina wayala nsalu. Mawindo a masitolo anali aakulu kuposa chitseko cha tchalitchi chathu. Phula linkanditentha kumapazi. Ndinagwira nsonga ya ndodo, atate kumbuyo, ndipo tinalowa mumsewu.

Tili pakati, chilole chachikulu chinatulukira, chikulira lipenga. Chinali chotuwa, chachitali, magalasi ake atatambasuka uku ndi uku ngati makutu. Kwathu mwana aliyense amaphunzira chinthu chimodzi asanaphunzire kulemba: chachikulu chikakulunjika chikulira, suthawa. Umaima nji, osagwedeza ngakhale chala, mpaka chitembenuke chokha. Ndinaima. Atate atamva kulirako anandigwira paphewa nanena motsitsa, "Usasunthe, mwana wanga. Chipita." Dzanja lawo lina linali litalowa kale m'thumba la phulusa.

Sichinatembenuke. Matayala analira, fungo la mphira wopsa linadzaza m'mphuno, ndipo chinaima pafupi moti ndinamva kutentha kwa injini pankhope. Dalaivala anatulutsa mutu. "Iwe mfana! Mwatopa nawo moyo, iwe ndi mdala wakoyo?" Magalimoto ena anayamba kulira kumbuyo kwake. Ife tinaimabe. Lamulo lathu silinali loipa, ndipo mpaka lero sindichita nalo manyazi. Linangofika pamalo pomwe silinkadziwika.

Pamenepo panabwera wapolisi wovala magolovesi oyera. Anayang'ana maso a atate, nayang'ana mapazi anga. Anakweza dzanja limodzi, ndipo msewu wonse unakhala chete mbali zonse ziwiri. Sanatikalipire. "Mwadzuka bwanji, atate? Mwachokera kuti?" Atate anayankha kuti ku Malambo, chigwa chathu cha Luangwa, kwa Akunda. Iye anati, "Kwa njovu! Ndiye ndamva. Kuno njovu zake zilibe nzeru, atate, zimafuna dzanja." Anawagwira pamkono nkuwawolotsa pang'onopang'ono, mabwana m'magalimoto awo akudikira. Anaimitsa basi imene inali itayamba kunyamuka, nauza kondakitala kuti atitsitse pachipata penipeni pa chipatala. Tinapeza mlembi asanatseke chitseko.

Masiku amene atate anagona m'chipatala ndinkawatengera chakudya kuchokera kwa malume. Ndinaphunzira kuwoloka msewu poyang'ana anthu ena. M'chipindamo munkanunkha mankhwala otsukira pansi, ndipo munagona amuna ochokera m'zigawo zonse, aliyense ndi nsalu kumaso, akusimbirana za mvula ya kwawo. Dokotala anachita diso limodzi lokha. Anati linalo linali litawonongeka kale.

M'mawa umene anamasula nsalu, atate anaphethira nthawi yaitali. Anayang'ana zenera, kenaka manja awo, kenaka ine. Ndinadikira mawu aakulu. Iwo anati, "Watalika. Koma malaya akowo ndi akuda. Ukaonekera choncho kwa aphunzitsi?" Sanawonjezere kanthu, ndipo ine sindinafune china.

Tisanabwerere anapempha kukaona sitima, imene ankangoimva usiku ali kwa malume. Tinaima pafupi ndi njanji, iwo atavala magalasi okhuthala amene anawapatsa. Anaiyang'ana yonse mpaka bogi lomaliza, nagwedeza mutu ngati munthu woyamikira munda wa mnzake. Tinafika ku Malama mitambo itayamba kusonkhana. Atate anadzala mapira awo okha chaka chimenecho, ndipo ine ndinabwerera m'kalasi mpaka ndinamaliza pulaimale. Ndi maphunziro amenewo ndalembera nkhaniyi.

Achinyamata a masiku ano amati ku Lusaka n'kwa ndalama ndi akuba. Ndimawauza kuti apite akaone okha, ngakhale kamodzi, chifukwa munthu ayenera kudziwa pamene misewu ya dziko lake imakumana. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti wapolisi uja ndiye mwini mzinda, ndipo anatichitira chifundo ife alendo. Tsopano ndikudziwa kuti anali wantchito wamba, mwina wochokera kumudzi wakutali ngati wathu, woima padzuwa tsiku lonse. Sanaone alendo. Anaona munthu wa dziko lake amene anafunika kufika tsidya lina, ndipo anaimitsa likulu lonse mpaka atafika.