Watsala Mmodzi ku Paki ya Masewera

Mlamu wanga anagwira ntchito ya ukondakitala kuyambira ali mnyamata mpaka mawondo atakana. Kudepoti, kutchalitchi, ngakhale kuchipatala, aliyense amamuitana kuti Watsala Mmodzi, chifukwa ndi mawu amene ankakuwa tsiku lonse atalendewera pakhomo la basi. Ankakuwa choncho ngakhale mipando yambiri ili yopanda anthu. Malemu mlongo wanga, amene anali mkazi wake, ankati munthuyu amaitanira anthu ngakhale kutulo.

Chimene sankatha kupirira ndi mpando wopanda munthu. Pa ukwati ankasuntha alendo pabenchi kuti ena akwanepo. Pa maliro a mkazi wake, misozi ikutsika, ndinamuona akupanikiza azibambo m'lole kuti mayi wina akwere. Dzanja lake lamanja nalo linali ndi chizolowezi chake, kumenya thupi la basi ndi chikhatho. Akamenya kamodzi, dalaivala aime. Akamenya kawiri, tiyeni. Chikhathocho chinauma ngati chidendene.

Mwana wake wamkazi, amene tonse timamutcha Nesi, anakapeza ntchito kunja ndipo anakwatiwa komweko. Anabereka mtsikana. Mlamu ankangomuona mdzukulu wakeyo pafoni, ndipo mwanayo ankayang'ana nkhope ya agogo ake pang'ono n'kuthawa. Chilankhulo chathu sankachidziwa. Nesi atatumiza matikiti a ndege, anati nane ndipite, chifukwa bambo ake ali ndi shuga ndipo amaiwala kumwa mankhwala.

Nyumba yawo inali m'mwamba, yazipinda zopanikizika, nsapato zonse pakhomo. Mwanayo, amene mano ake akutsogolo anali atangoguluka kumene, ankabisala kuseri kwa sofa tikalowa.

"Nena kuti agogo," ankatero mlamu atagwada movutikira. "A-go-go."

Mwana ankangoyang'ana mayi ake. M'mawa wina tikumeta ndevu, mlamu anandiuza kuti, "Alamu, ndingomva kamodzi akunditchula. Ndikwera ndege mtima uli m'malo."

Loweruka lomaliza tisanabwerere, mkamwini, munthu wofatsa wa ntchito za makompyuta, anatitengera ku paki ya masewera. Mlamu anavala jekete ndi nsapato zatsopano. Nesi anamuchenjeza kuti kuli kuyenda, koma iye anati sangapite kokacheza ndi mdzukulu atavala ngati wopita kudimba.

Tinanyamuka dzuwa lisanatuluke, ndipo tinafika litakwera. Poimika magalimoto pokha panali potopetsa kudutsa. Mkatimo munali nyimbo zotuluka m'mapolo, anthu ovala zinyama zansalu akugwedeza mitu, ndi mizere. Chilichonse chinali ndi mzere wake, wokhotakhota pakati pa zitsulo, ndipo tinkasuntha pang'onopang'ono ngati ng'ombe zopita kudibi. Umaima mpaka msana kuwawa, ukakwera n'kuphethira kawiri, basi mwatsika.

Ine ndinkayang'ana pokhala. Mlamu ankayang'ana ntchito. Pa makapu akuluakulu ozungulira, anandikodola.

"Alamu, mwaona? M'kapu ya anthu anayi mwakwera awiri. Anthu ali mbwee padzuwa. Anyamatawa anawalemba ndani?"

"Ababa, kuno n'kwa eni," anatero Nesi. "Aliyense amakwera ndi wake."

"Ndiye mpando uzipita wokha?"

"Uzipita wokha, ababa. Siyani."

Anasiya, koma ndinaona chikhatho chake chikumenyamenya m'mbali mwa buluku.

Pofika masana, nsapato zinali zitayamba kumudya. Ankatsimphina, koma ndikamuyang'ana ankawongoka. Anamugulira mwana chibaluni, mwana anachipereka kwa bambo ake. Anafuna kumupukuta ayisikilimu pachibwano, mwana anatembenuka. Tinadya mabanzi titaimirira chifukwa mabenchi onse anali odzaza.

Chimene mwanayo ankafuna kuyambira m'mawa chinali kasitima kothamanga panjanji zokwera ndi kutsika m'mwamba. Mzere wake unali wautali kuposa yonse. Tinalowamo dzuwa lili paliwombo. Mwana anatopa n'kuyamba kunyinyirika. Mlamu anatambasula manja kuti amunyamule, koma iye anakakamira mwendo wa bambo ake. Ine miyendo inali itachita dzanzi.

Titafika kutsogolo penipeni, mtsikana wa yunifolomu anatseka kageti pamaso pathu. Kasitima kanali katadzaza, kupatula mpando wakumbuyo. Pamenepo panalibe munthu. Mwana anauona, analoza, n'kuyamba kulira mokweza. Kasitima kanayamba kusuntha.

Sindinaone mmene mlamu anadutsira. Mawondo amene ankakana masitepe a kunyumba kwa Nesi anamulowetsa pansi pa chitsulo, n'kumuwolotsa mzere wachikasu wolembedwa pansi. Anathamanga m'mbali mwa kasitima, jekete ikuuluka, n'kumenya kamodzi ndi chikhatho. Phwa!

"Watsala mmodzi! Imani, watsala mmodzi!"

Mtsikana uja anakuwa n'kudina batani lofiira. Belu linalira. Kasitima kanaima mutu wake utayamba kale kukwera, ndipo kena kamene kanali patsogolo kanaima m'mwamba, anthu ali momwemo, miyendo ili lendelende.

Mlamu anatembenuka akumwetulira, thukuta lili kamukamu, n'kukodola mdzukulu wake.

"Bwera, mama. Malo alipo."

Palibe anaseka. Ndinaona mafoni akukwera m'mwamba, kutsogolo ndi kumbuyo, onse atamuloza. Mawu anatuluka m'mapolo, ndipo anthu onse amene anapsa nafe padzuwa anabuula pamodzi. Anali atauzidwa kuti kasitima katsekedwa mpaka akaunike. Chilankhulo chawo sindichimva, koma nkhope zinkamveka. Bambo wina wonenepa analankhula mawu aatali akuloza mlamu, mkazi wake akumukoka malaya. Kumwetulira kwa mlamu kunazilala pang'onopang'ono. Mwana anabisa nkhope m'malaya mwa bambo ake.

Alonda awiri anatitengera m'kachipinda kozizira, ka tebulo limodzi ndi mipando yapulasitiki. Mlamu anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri. Mkamwini analankhula motsitsa mawu. Mkulu wa alonda anafunsa funso akuyang'ana mlamu kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Nesi anayankha, ndipo poyankhapo anagunda chala pambali pa mutu wake. Mlonda anagwedeza mutu ngati wamvetsa, nkhope yake n'kufewa.

"Wawauza chiyani?" anafunsa mlamu.

"Ndati mwatopa, ababa."

Mlamu sanafunsenso. Chalacho anachiona, monga ndinachionera ine. Munthu amene ankasunga m'mutu malo otsikira a aliyense m'basi yodzaza anatulutsidwa m'chipindamo ngati nkhalamba yosokonekera mutu, ndipo n'chifukwa chake alondawo sanaitane apolisi.

Anatiperekeza kudzera njira yakuseri, kumene kuli migolo ya zinyalala ndi mapaipi. Tinadutsa mnyamata wina atavula mutu wa chinyama chansalu, akusuta fodya. Nyimbo zinkamvekabe kuseri kwa mpanda. Mwana sanakwere kasitima kake.

Galimoto tinaifuna nthawi yaitali, mkamwini akudina kiyi m'mwamba, mzere ndi mzere. Nesi ankayenda patsogolo, maso ali ofiira. Ananditembenukira kamodzi n'kunena motsitsa, "Amalume, ndikanatani?" Mlamu ankabwera pambuyo, akukoka phazi lamanzere.

Titaipeza, onse analowa. Mlamu anaima patali pang'ono, akuyang'ana matayala.

"Alamu," anatero, "ndamuwonongera mwana tsiku lake. Ndipo mwana wanga ndamunamitsa pamaso pa mwamuna wake."

"Tiyeni tilowe," ndinatero.

Sanasunthe. Chitseko chakumbuyo chinali chotsegula. Mwana anali atamangidwa kale malamba pampando wake, maso otupa ndi kulira, akumuyang'anitsitsa. Kenako anatukula kadzanja n'kumenya mpando wopanda munthu umene unali pambali pake.

"Wa-tsa-la mmo-dzi," anatero, mawuwo akutulukira pa mpata wa mano.

"Iwe!" anakalipa Nesi.

Mwana anamenyanso. Kaya ankamuitana, kaya ankangotengera zimene anaona, sindikudziwa. Mlamu analowa mwakachetechete, n'kupanira dzanja lamanja pakati pa mawondo. Tili m'njira, mwanayo analisolola dzanjalo, n'kulitembenuza, n'kumadina chikhathocho ndi chala ngati akuyesa tomato pamsika. Mlamu anayang'ana pawindo ulendo wonse.

Mawu akuti agogo sanawamve. Pabwalo la ndege mwanayo anatsanzika Watsala Mmodzi, ndipo mpaka lero pafoni amamuitana choncho. Mlamu amayankha, koma amayamba watseka chitseko. Ndi Nesi amalankhulana za mankhwala ndi za mvula.

Anzake akale a kudepoti, amene amakhala nawo pabenchi la kunja kwa sitolo ya matayala, anamufunsa za kunja. Ankayembekezera nkhani ya mwezi wathunthu, poti mlamu ndi munthu wapakamwa. Iye anangoti kumatentha, ndipo misewu ndi yotakasuka. Atandifunsa ine, ndinati n'zoona, kumatentha.

Lamulungu lapitali kutchalitchi kunadzaza. Amayi awiri anaimirira kumbuyo, pamene benchi la patsogolo pathu linali ndi mpata woti akanakwanapo onse. Mlamu anauyang'ana mpatawo, anayang'ana amayiwo. Phewa lake linagwedezeka. Kenako analowetsa dzanja m'thumba la jekete, ndipo silinatulukemo mpaka mapemphero atatha.