Vani ya Bambo Sinafike Kumanda

Ndinadzuka kusanache, nditangotsinzina pang'ono pamphasa pakati pa azimayi akumpingo. Nyimbo zinali zitazilala, mawu atasasa. Panja mvula inkawaza, ndipo kuseri kwa nyumba ophika ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi wokhawokha. Achimwene anga aakulu ndinawapeza atagona chagada pansi pa vani ya malemu bambo athu, tochi ataluma kukamwa.

Vaniyo inapangidwa ku Mangalande. Bambo anaigula ku Kanengo pamene kampani imene ankagwirako udalaivala inkagulitsa magalimoto otha. Kale zamtundu umenewu zinali mbwee mu Lilongwe, zina zotseka, zina za bodi ngati timalole, kunyamula buledi, fodya ndi odwala. Kenako zinabwera za ku Japan, fakitale ya ku Mangalandeyo inatsekedwa, masipeya n'kusowa. Bambo ankazungulira m'magalaja a ku Mchesi kumasula zitsulo pa zinzake zakufa, mpaka yathu inatsala yokha. Ndiyo inatilera, ndipo maliro ambiri a muno mu Kawale inanyamula ndi iyoyo. Ali m'chipatala, bambo anapempha kuti iwonso idzawaperekeze.

Kutayera anthu anayamba kufika, a ku Biwi, a ku Chinsapo, ena ochokera kumudzi matope ali m'miyendo. Madoda ena ankaima pa vaniyo n'kumaisisita. Mkulu wampingo anati tigwiritse ntchito lole yobwereka.

"Ayi, bambo ananena okha," anatero achimwene.

Mwambo utatha, amuna anaikankha mpaka inalira. Amayi atamva kulirako anagwa pansi, pakuti ndi mmene tinkadziwira kuti bambo afika. Tinaika bokosi kumbuyo n'kunyamuka pang'onopang'ono, anthu akuimba m'mbuyo mwathu. Titawoloka kamlatho n'kuyamba chitunda, china chake chinaphulika kunsi. Oyilo wakuda anayenderera mumsewu. Achimwene sanatsegule n'komwe boneti. Anangokhala, manja ali pachiwongolero, mpaka amuna anatsitsa bokosi n'kulisenza pamapewa. Vaniyo tinaisiya pomwepo, zitseko zili pululu. Kumanda mvula inakula, mlaliki anafupikitsa mawu, adzukulu n'kukwirira mofulumira.

Madzulo anthu anabalalika. Obwereketsa miphika anatenga miphika yawo, mabenchi anabwerera kutchalitchi. Achimwene anafika wapansi, malaya ali bii. Ntchito ina kupatula kuyendetsa vaniyo sadziwa, ndipo ana awo, amayi ndi ine tonse tinkadya za iyoyo.

"Ikonzeka?" anafunsa amayi.

"Injini yasweka, amayi. Ina kulibe. Ogula zitsulo ayamba kale kuizungulira."

Amayi anayang'ana kumsewu. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Katseke geti, mwanawe. Palibenso amene akubwera."